Dzino Loti Liguluka Lokha

Mwana amamera mano oyamba okwana 20, kuyambira ali ndi miyezi pafupifupi 6, ndipo pomafika zaka 12 manowa amakhala ataguluka pafupifupi onse kuti apereke malo kwa mano achikulire, amene akakwanira amakhala 32. Podziwa zimenezi, makolo ambiri akaona dzino la mwana litada kapena litabooka amangoti liguluka lokha, ndipo mawu amenewa, ngakhale amatuluka pakamwa popanda kuwasinkhasinkha, amabisa chiphunzitso chachikulu, chakuti chinthu chosakhalitsa sichiyenera kutayirapo nthawi, ndalama kapena luso. Chiphunzitso chomwecho chimaonekeranso pamene anthu akuyeza munthu amene anapatsidwa udindo wosamala manowo. M'maiko ambiri udindowu uli m'manja mwa wachipatala wotchedwa dental therapist, amene amaphunzira zaka 2 kapena 3 m'malo mwa zaka 5 kapena kuposerapo zimene dokotala wa mano amaphunzira, ndipo amaloledwa kupima m'kamwa, kumata mano obooka, kuzula ena ndi kuphunzitsa za ukhondo, koma saloledwa kuchita maopaleshoni a nsagwada kapena ntchito zina zovuta. Alipo amene amaona kuti dzino la masiku ochepa ndi wachipatala wa maphunziro afupi n'zoyenerana, popeza zonse n'zazing'ono. Funso loyenera kulifufuza ndi lakuti kaya kutalika kwa nthawi ndi muyeso woona wa mtengo wa chinthu kapena wa munthu.

Ntchito ya dental therapist inabadwira ku New Zealand. Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anyamata ambiri amene ankalembedwa usilikali kumeneko anapezeka ndi mano owonongeka kwambiri, ndipo Thomas Hunter, dokotala amene ankayang'anira za mano m'gulu la nkhondo la dzikolo, anaona kuti vutolo linayambira ku ubwana komanso kuti madokotala amene analipo sakanatha kufikira ana onse. Choncho m'chaka cha 1921 boma linatsegula sukulu mumzinda wa Wellington yophunzitsa atsikana kwa zaka 2 ntchito yopima ndi kumata mano a ana, ndipo tizipatala tawo tinkamangidwa pabwalo la sukulu penipeni kuti mwana asayende ulendo. Njirayi inafalikira ku Malaysia, ku Canada, ku Britain kumene sukulu yake inatsegulidwa pachipatala cha New Cross mumzinda wa London m'chaka cha 1960, ndi kumaiko ambiri a mu Africa, ndipo m'malo ochuluka inakumana ndi mkangano umodzimodzi. Ku Alaska, kumene bungwe la zaumoyo la eni nthaka linatumiza achinyamata ake kukaphunzira ku New Zealand kuti akathandize midzi yosafikika pamsewu, bungwe la madokotala la American Dental Association linapita kukhoti m'chaka cha 2006 ponena kuti ntchito zimene zikachitika sizingabwezedwe, monga kuboola ndi kuzula dzino, ziyenera kukhala za dokotala yekha, koma khoti linakana dandaulolo m'chaka cha 2007. Ku Britain nako, mpaka m'chaka cha 2013, dental therapist ankagwira ntchito pokhapokha dokotala atayamba waona wodwalayo n'kulemba zoyenera kuchita. Manja ake ankakhulupiriridwa, koma maso ake ayi.

Yankho limene achipatala amakonda kupereka kwa kholo lonena kuti liguluka lokha limaloza kutsogolo. Amalongosola kuti dzino loyamba limasungira malo dzino lachikulire limene likukula pansi pake, kotero kuti likazulidwa msanga mano oyandikana nalo amapendekera m'mpatamo ndipo lachikulire limamera mopotoka kapena kusowa potulukira. Kuti mafinya a kumuzu kwa dzino loyamba angathe kuwononga lachikulire lisanatuluke. Komanso kuti dzino lachikulire lotafunira limene limayamba kumera limatuluka mwana ali ndi zaka pafupifupi 6 kumbuyo kwa mano oyamba, popanda lina loguluka, moti makolo ambiri amaliyesa la ubwana n'kulisiya liwole, chonsecho limenelo silidzameranso. Zonsezi n'zoona ndipo kholo lililonse liyenera kuzimva. Koma yankholi lili ndi chofooka chimene sichikambidwa kawirikawiri, chakuti likuvomereza mwakachetechete mfundo ya kholo lija, yoti chosakhalitsa chilibe mtengo wakewake, n'kungowonjezerapo kuti chili ndi ntchito kwa chinthu china chokhalitsa. Potsata kaganizidwe kameneka, dzino la mwana wa zaka 4 limasamalidwa chifukwa cha munthu wa zaka 30 amene mwanayo adzakhale, osati chifukwa cha mwana amene wachezera kulira usiku wathawu.

Maganizo akuti mwana ndi munthu wosakwanira, amene mtengo wake uli m'chimene adzakhale, ndi akale. Aristotle, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece, analemba m'buku lake la Nicomachean Ethics kuti mwana sangatchedwe wodala m'njira yeniyeni popeza sanafike potha kuchita ntchito za ukoma, ndipo akatchedwa wodala n'chifukwa cha chiyembekezo chimene anthu ali nacho pa iye. Ngakhale mwambi wakuti m'mera mpoyamba maso ake ali pa zokolola, osati pa m'mera weniweniwo. Amene anatsutsa maganizowa mwamphamvu ndi Janusz Korczak, dokotala wa ana wa ku Warsaw amene anaphedwa ku Treblinka m'chaka cha 1942 pamodzi ndi ana amasiye amene ankawalera. Iyeyu ankaphunzitsa kuti mwana ndi munthu kale ndipo ali ndi ufulu wa tsiku la lero, kutanthauza kuti lero la mwana lisamaperekedwe nsembe chifukwa cha mawa lake. Nkhani ya mano imaikira kumbuyo Korczak, chifukwa ululu sudziwa kuti dzino ndi la kanthawi. Mtsempha wa m'dzino loyamba ukatupa umapweteka monga momwe umapwetekera wa munthu wamkulu, ndipo dzino lotafunira limene labooka mwana ali ndi zaka 4 lingathe kukhala m'kamwa zaka zina 6 kapena 7 lisanaguluke, nthawi yoposa moyo wonse umene mwanayo wakhala padziko. M'zaka zimenezo amatafunira mbali imodzi, amasiya chimanga chootcha ndi nzimbe zimene anzake akudya, amajomba kusukulu, ndipo ena amazolowera kuseka atatseka pakamwa ndi dzanja. Lipoti la World Health Organization la 2022 linayerekeza kuti ana okwana 514 miliyoni padziko lonse ali ndi mano oyamba owola. Zikanakhala kuti zosakhalitsa zilibe mtengo, ubwana wonse ukanakhala wopanda mtengo, popeza nawonso umaguluka. Ndipo chipembedzo chilichonse chimene chimaphunzitsa kuti thupi ndi fumbi koma n'kumalamulabe kudyetsa wanjala ndi kuzonda wodwala chinakana kale kuyeza zinthu ndi kuchuluka kwa masiku ake.

M'buku la Eksodo, mutu 21, muli lamulo limene limanena za dzino mwachindunji, lakuti mbuye akamenya kapolo wake n'kumugulula dzino, kapoloyo amasulidwe chifukwa cha dzino lakelo. Anthu ambiri amakumbukira lamulo la dzino kulipa dzino limene lili m'mutu womwewo, koma ili n'lozama kuposa limenelo, chifukwa likuika dzino limodzi la munthu wotsikitsitsa m'nyumba pa sikelo imodzi ndi mtengo wonse umene mbuyeyo anamugulira. Chimene chikuyezedwa pamenepo si kukula kwa chiwalocho koma ulemu wa mwini wake, ndipo chitetezo chikupita kwa amene alibe mphamvu yodziteteza. Mwana, amene sasankha chakudya chake, sagula mswachi wake ndipo sangadzitengere yekha kuchipatala, ali m'gulu la anthu otere.

Zikafika pa munthu wosamala manowo, Aristotle yemweyo amene anachepetsa mwana ndiye amathandiza kumvetsa chifukwa chake zaka za kusukulu si muyeso wokhawo. M'buku lomwe lija anasiyanitsa mitundu ya kudziwa, ndipo mwa imeneyo muli episteme, kudziwa zifukwa za zinthu zosasintha, muli techne, luso lopanga kapena kukonza chinthu, komanso muli phronesis, nzeru yoona choyenera kuchita pa nkhani imene ili pamaso pa munthu nthawi imeneyo. Amene ankafuna kuti dental therapist azingomata zimene dokotala walemba ankaganiza kuti n'zotheka kupatsa munthu luso n'kumumana chiweruzo, ngati kuti kuzindikira matenda ndi ntchito ya mutu pamene kuchiza ndi ntchito ya zala. Aliyense amene anaonererapo mwana wamng'ono akupimidwa amadziwa kuti ziwirizi sizilekana. Wachipatala ndi mayi amakhala moyang'anizana mawondo atagundana, mwana amakhala pamiyendo pa mayi ake atawayang'ana, kenaka amagonekedwa chagada kuti mutu ukhale pamiyendo pa wachipatalayo pamene timanja take tili m'manja mwa mayi. Wachipatalayo amakweza mlomo wam'mwamba, amapukuta mano ndi thonje kuti aume, n'kuyang'ana ndi kagalasi m'mphepete mwa usinini, kumene kuwola kumayambira ngati kamzere koyera konga choko, kamene kangathe kuchira popanda kuboola ngati dzinolo lapakidwa fluoride, mchere wolimbitsa kunja kwa dzino. Ayenera kusiyanitsa kamzere kameneka ndi mawanga amene amabwera mwana akakulira pa madzi a m'mijigo okhala ndi fluoride wochuluka, popeza mawangawo si kuwola ndipo safuna kumatidwa. Akafunsa mwana kuti pakuwawa pati, mwana amaloza tsaya lonse, choncho amatembenukira kwa mayi n'kufunsa ngati ululuwo umabwera pomwa madzi ozizira n'kutha msanga, kapena umadzutsa mwana pakati pa usiku popanda chouyambitsa, chifukwa woyambawo kawirikawiri umasonyeza dzino loti lingamatidwe pamene wachiwiriwo umasonyeza kuti mtsempha wakhudzidwa. Kachithupsa kakang'ono pausinini, kamene mayi amakayesa ndi kachilonda wamba, kamamuuza kuti mtsempha unafa kale ndipo mafinya apeza potulukira. Ngakhale atayamba kupala chowolacho chiweruzo chake sichinathe, popeza bowo looneka laling'ono pamwamba limapezeka lalikulu m'kati, ndipo ayenera kudziwa polekera kuti asaboole mtsempha. Pepala limene wina analemba sabata yatha silingamuuze zimenezo.

Izi sizikutanthauza kuti malire palibe. Mutu 18 wa Eksodo umasimba za Yetero, mpongozi wa Mose, amene ataona Mose akuweruza anthu yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anthuwo ali chiimire, anamulangiza kusankha anthu okhulupirika oti aziweruza magulu a anthu 1,000, 100, 50 ndi 10, kuti milandu yaing'ono izithera kwa iwo ndipo yovuta yokha ndiyo izifika kwa Mose. Chofunika kuchiona m'nkhaniyi n'chakuti woweruza wa anthu 10 sakanatha kutumiza mlandu wovuta asanauzindikire kuti ndi wovuta, kotero kuti kutumiza kumene ndi chiweruzo, mwinanso chachikulu kuposa zina zonse. M'kamwa mwa mwana mumaonekera matenda amene si a mano. Khansa yotchedwa Burkitt lymphoma, imene dokotala Denis Burkitt anaifotokoza m'chaka cha 1958 ali ku Uganda, ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana ku Malawi ndi maiko oyandikana nawo, ndipo nthawi zambiri imaonekera ngati kutupa kwa nsagwada ndi mano otafunira ogwedera nthawi yake isanakwane. Wachipatala amene angazule manowo n'kupereka mankhwala a chotupa wamutayira mwanayo masabata amene analibe, chifukwa khansayi imakula mofulumira kwambiri, chonsecho imamva mankhwala ikapezeka msanga. Matenda a noma, amene World Health Organization inawaika mu Disembala 2023 pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha, amayamba ngati zilonda za pausinini mwa mwana wopereweredwa zakudya m'thupi, makamaka wa zaka 2 mpaka 6, ndipo m'masiku owerengeka amadya tsaya. Pa matenda ngati amenewa ntchito yaikulu ya dental therapist ndi kuika pansi zitsulo zake n'kulemba kalata yotumiza mwanayo kuchipatala chachikulu, ndipo maphunziro ake ayenera kuyezedwa makamaka poona ngati amamukonzekeretsa kudziwa tsiku loika pansi zitsulozo.

Pali chitsutso chimene sichiyenera kupeputsidwa, popeza chimachokera ku chilungamo. Chimati ngati mwana wa munthu wolemera amaonedwa ndi dokotala pamene mwana wa mlimi amaonedwa ndi dental therapist, ndiye kuti dziko lavomereza kuti pali ana a mitundu iwiri. Chitsutsochi chimakhala choona pamene kalata yotumizira mwana kuchipatala chachikulu ilibe kokafikira, chifukwa malangizo a Yetero anagwira ntchito popeza Mose analipo ndipo ankalandiradi milandu yovutayo. Koma chimalakwitsa poganiza kuti mwana wakumudzi akusankha pakati pa dokotala ndi dental therapist, pamene zoona zake n'zakuti akusankha pakati pa dental therapist ndi kusaonedwa konse. Ngakhale kuchuluka kwa madokotala pakokha sikufikitsa thandizo kwa mwana: m'chaka cha 2007, ku Maryland m'dziko la America, mnyamata wa zaka 12 anamwalira tizilombo ta m'dzino lowola titafika ku ubongo, banja lake losauka litavutika kupeza dokotala wolandira odwala olipiriridwa ndi boma, ndipo patapita zaka 2 dera la Minnesota linakhazikitsa lamulo lololeza ntchito ya dental therapist. Chisilamu chili ndi mawu othandiza pamenepa, akuti fard kifaya, amene amatanthauza udindo wa gulu lonse, woti ena akaukwaniritsa onse amasuka koma aliyense akaulekerera onse achimwa. Al-Ghazali, katswiri wa zachipembedzo amene anamwalira m'chaka cha 1111, anaika ntchito yochiza odwala m'gulu limeneli. Udindo wotere sukwaniritsidwa ndi dzina la amene wavala chovala choyera, koma ndi kufika kwa thandizo kwa amene akulifuna.

Kufika kokha nako sikokwanira, ndipo mbiri ya ku New Zealand imachenjeza za ichi. Ana a kumeneko anatcha tizipatala ta pasukulu tija dzina lachingerezi lotanthauza nyumba yophera anthu, chifukwa m'zaka zoyambirira makina oboolera ankapalasidwa ndi phazi ndipo mankhwala ochititsa dzanzi sankagwiritsidwa ntchito kawirikawiri, moti ambiri anakula ndi mano omatidwa bwino koma ndi mantha a moyo wonse. Ngati mwana ndi munthu lero, mantha ake nawo ndi nkhani ya lero. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989 limanena m'ndime 12 kuti maganizo a mwana amvedwe pa nkhani zomukhudza, ndipo pampando wa mano izi zimatanthauza zinthu zooneka zazing'ono, monga kumugwiritsa kagalasi asanakalowetse m'kamwa, kupangana naye kuti akakweza dzanja ntchito iima n'kuimadi akakweza, ndi kusamunamiza kuti sizipweteka pamene zipweteka. Makolo amene amaopseza mwana wosamvera kuti amutengera kwa adokotala akamubaye jakisoni amaiwala kuti tsiku lina adzamutengeradi kumeneko akufuna thandizo.

Ku Malawi nkhaniyi si ya m'mabuku chabe. Kwa zaka zambiri dzikoli linalibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano ndipo ochepa amene analipo anaphunzira kunja. Maphunzirowa anayamba m'chaka cha 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa m'chaka cha 2022. Amene akhala akusenza katunduyu m'zipatala za m'maboma ndi za mishoni ndi ma dental therapist ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, amene odwala amangowatchula kuti adokotala a mano, ndipo amathandiza ana ndi akulu omwe. Chimene chimawachepetsa kwenikweni si kufupika kwa maphunziro koma kuchedwa kwa odwala ndi kusowa kwa zipangizo, moti munthu wopita kuchipatala cha mano sanena kuti akukapimitsa koma kuti akukazulitsa dzino. Wachipatala amene waona kuti dzino la mwana likanapulumuka koma alibe chomatira amalizula, ndipo kuzindikira kwake konse kwapita pachabe, komanso kholo limabwerera kwawo litatsimikiza kuti dzino la ubwana ntchito yake ndi kuchoka. Chomvetsa chisoni n'chakuti njira zopulumutsira dzinolo sizifuna magetsi kapena makina odula. Njira yotchedwa ART, imene Jo Frencken wa ku Netherlands anaiyambitsa ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980, imagwiritsa ntchito tizitsulo tam'manja topalira chowola, kenaka ufa ndi madzi ake zotchedwa glass ionomer zimasakanizidwa papepala, zimaikidwa m'bowo n'kukanikizidwa ndi chala chovala golovesi, ndipo zikauma zimagwira dzino n'kumatulutsa fluoride pang'onopang'ono. Mankhwala amadzi otchedwa silver diamine fluoride amangopakidwa pamalo powolapo n'kuimitsa kuwolako, ngakhale amadetsa malowo, chinthu chimene kholo liyenera kuuzidwa asanapakidwe. M'chaka cha 2021 World Health Organization inaika zinthu ziwirizi, pamodzi ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira kwambiri, mndandanda womwewo umene pali mankhwala a malungo ndi a chibayo. Amene amaitanitsa mankhwala a zipatala za m'maboma aziitanitsa zimenezi pamodzi ndi enawo, kuti dental therapist akaona dzino la mwana loti lingapulumuke akhale ndi cholipulumutsira.